Panado sachiza malungo

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule pa zomwe zachitikira mlamu wanga kuno ku Joni. Iyeyu anapita kumudzi ku Mangochi kukadya Khirisimasi, ndipo patangotha sabata atabwerera thupi linayamba kutentha, mutu kuwawa, akunjenjemera m'bulangete dzuwa likuswa mtengo. Tinathamangira naye kukachipatala kena komwe sinditchula dzina. Namwino anangomuyang'ana pankhope, nati ndi chimfine, nampatsa Panado. Basi, Panado! Munthu wadutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge pabasi nthawi ya dzinja, koma palibe anamufunsa kuti wachokera kuti. Kaya funsolo nalo limafuna chiphaso, kaya.

Patatha masiku awiri tinachita kumunyamula, sakutizindikiranso. Kuchipatala chachikulu atamuyeza magazi anapeza malungo. Anagona komweko sabata yathunthu, ndipo ganyu yake anapatsa wina.

Ndikudziwa kuti mu Johannesburg mulibe udzudzu wofalitsa malungo ngati ku Limpopo kapena ku Mpumalanga. Koma bungwe loona za matenda opatsirana la NICD, lomwe lili konkuno ku Sandringham, limachenjeza kawirikawiri kuti aliyense wotentha thupi amene wachokera kudera la malungo ayezedwe msanga. Ngati ine wosoka zovala ndinamva zimenezi, namwino zinamuphonya bwanji?

Nafenso Amalawi tili ndi vuto. Timati tinakulira kunyanja, udzudzu ndi achibale athu. Achibale ati? Ukakhala kuno zaka zingapo thupi limaiwala kulimbana ndi malungo, ndiye ukapita kumudzi umadwala ngati mlendo. Koma taonani katundu wathu popita: mafiriji, matilesi, mawayilesi, njinga pamwamba. Neti yokha ndiyo imalemera. Pobwera ndi usipa, ufa ndi mankhwala a malungo a LA ogula pamsika, amene timagawana m'nyumba ngati mtedza, wina mapiritsi anayi, wina asanu ndi limodzi, pomwe munthu wamkulu amayenera kumaliza onse 24 m'masiku atatu. Ena amabisala m'chipinda kuopa kufunsidwa mapepala kuchipatala, kenako tizisonkherana ndalama zotumizira maliro kumudzi, zomwe nazonso zakwera kosaneneka.

Akuluakulu a ku ofesi ya kazembe wathu, chonde matani zikwangwani za Chichewa pomwe timakwerera mabasi, Disembala asanafike. Abusa ndi mashehe alengezenso m'mapemphero. Ndipo mukafika kuchipatala musadikire kufunsidwa, nenani nokha kuti mwachokera ku Malawi, akuyezeni malungo.

Wodandaula,
Turffontein, Johannesburg