Tebulo lanu la mapointi landisokonezera ana pabwalo

A Mkonzi,

Ndalemba kalatayi mtima uli m'mwamba, ndipo sindibisa. Nkhani ija munaika patsamba lanu la zamasewera sabata yatha, ya akatswiri khumi a basiketibolo kuyambira kalekale, yandibwezera m'mbuyo pa ntchito imene ndakhala ndikugwira zaka zitatu ndi ana kuno ku Mufakose. Mlembi wanu anangotenga mapointi onse amene munthu aliyense anagoletsa mu NBA, ligi yaikulu ya ku America, n'kuwasanja kuyambira ochuluka, n'kulemba pansi pake kuti manambala sanama. Michael Jordan anapezeka pansi pa Karl Malone, munthu amene Jordan yemweyo anamugonjetsa m'ndime yomaliza yolimbirana chikho kawiri, mu 1997 ndi 1998, ndipo Malone anapuma wopanda chikho ngakhale chimodzi. Bill Russell dzina lake silinaoneke n'komwe. Kodi nkhaniyi inadutsa pa tebulo lanu musanaitulutse?

Loweruka m'mawa ndinaona zipatso zake. Mnyamata wina wa zaka 15, amene agogo ake anachokera ku Dedza ngati bambo anga, anafika pabwalo foni ili m'manja, anzake atamuunjirira. Titayamba kusewera, mpira ukangomufika sunachokenso. Mnzake ali yekhayekha pansi pa basiketi, manja m'mwamba, akukuwa mpaka mawu kusasa, iye n'kumangoponyera patali, mpira n'kumawomba chitsulo. Nditaimba wezulo n'kumufunsa, anandiyankha mwaulemu ndithu, maso pansi: "Akochi, opatsa anzawo mpira sawalemba m'nyuzi." Mwana wina wamtali, amene ndamuphunzitsa miyezi yambiri kuima bwino potchinga, anandifunsa ngati kutchingako kuli ndi phindu. Ndinasowa chonena, chifukwa mawu anga anali kulimbana ndi mawu osindikizidwa.

Ife a mu Harare tikanayenera kukhala oyamba kukana zoti nambala yaikulu ndiye chuma. Tinagwira m'manja ndalama yapepala yolembedwa 100 trillion mu 2009, ndipo tikukumbuka zimene inkagula pa Mbare Musika. Malipiro amene bambo anga ankalandira pafamu ya fodya anali nambala yaing'ono, koma ankatidyetsa. Nambala imafuna ufunse kuti ndi ya chaka chiti, ndipo inkagula chiyani. Mapointi a basiketibolo ndi chimodzimodzi.

Mzere wa mapointi atatu, umene ukagoletsa uli kunja kwake umapeza atatu m'malo mwa awiri, unalowa mu NBA mu 1979, Kareem Abdul-Jabbar atasewera kale zaka khumi. Pa mapointi ake onse 38,387, mpira umene anagoletsa ali kunja kwa mzere umenewo ndi umodzi wokha. Stephen Curry anagoletsa yotero 402 mu sizoni imodzi ya 2015-16. Kareem analowa ligiyi ali ndi zaka 22 atamaliza kuyunivesite ya UCLA, pamene LeBron James analowa mu 2003 ali ndi zaka 18, akungochoka kusekondale. M'masiku a Jordan wotchinga ankatha kukuika dzanja m'chiuno n'kumakuwongolera kumene iye akufuna, ndipo izi anazikhwimitsira lamulo mu 2004. Mlembi wanu sanatchule chimodzi mwa zimenezi. Anaika anthu osewera pa malamulo osiyana pasikelo imodzi, ngati wogula chimanga amene safuna kudziwa kuti thumba lina ndi louma, lina lachiwisi.

Musandimve molakwa, sindikunyoza LeBron. Pa 7 Febuluwale 2023 pamene anadutsa Kareem pa mapointi ndinadzuka usiku kukaonera, ndipo ndinawomba m'manja ndekha m'nyumba mpaka mayi a kunyumba anadzuka. Kusewera zaka zoposa 20 pa mlingo umenewo ndi chinthu chachikulu. Koma funsani aliyense wokonda masewerawa kuti chimene amakumbukira kwambiri pa chikho chimene LeBron anatengera Cleveland mu 2016 n'chiyani. Adzakuuzani za mpira uja anauthamangira kuchokera kumbuyo n'kuumenyetsa pabolodi Andre Iguodala atatsala pang'ono kugoletsa, pa masewera achisanu ndi chiwiri, otsiriza a ndime yomaliza. Pamenepo sanapeze pointi ngakhale imodzi. Jordan naye, mpira wake womaliza ndi Chicago Bulls ku Utah mu 1998, umene tinkaonera pa tepi ya vidiyo mobwerezabwereza mpaka chithunzi kuyamba mizeremizere, unayamba ndi kulanda. Anazembera Malone kumbuyo, n'kumuphumitsa mpira, kenako ndiye anakagoletsa. Tebulo lanu lalemba mapointi awiri aja, kulanda kuja lataya.

Tsono za Russell, zimene zandiwawa koposa. Munthuyu anatenga zikho 11 pa zaka 13 ndi Boston Celtics. Ntchito yake yaikulu inali kutchinga mipira m'mwamba, koma NBA inayamba kulemba mipira yotchingidwa ndi yolandidwa mu sizoni ya 1973-74, iye atapuma kale mu 1969. Ndiye kuti chimene ankachita bwino kuposa wina aliyense mulibe m'buku lililonse. Manambala sananame, inde, koma panalibe amene anagwira pensulo kuti awerenge.

Sizoni ya 1961-62 yokha ikanamuphunzitsa mlembi wanu. Pa 2 Malichi 1962 Wilt Chamberlain anagoletsa mapointi 100 pa masewera amodzi ndi New York Knicks ku Hershey, ndipo sizoni yonseyo, tikagawa mofanana, ankapeza 50.4 pa masewera alionse. Mphoto ya MVP, ya wosewera bwino koposa onse pa sizoni, nthawi imeneyo ankavota ndi osewera eni ake. Anampatsa ndani? Russell, amene sankafika ngakhale mapointi 20. Anthu amene ankagundana nawo mapewa onse awiri, amene ankamva mpweya wawo pakhosi, anasankha wotchinga. NBA yeniyeniyo mu 2009 inatcha mphoto ya wosewera bwino m'ndime yomaliza dzina la Bill Russell, ndipo atamwalira mu 2022 inalamula kuti nambala 6 isaperekedwenso kwa wosewera watsopano m'timu iliyonse. Eni ligi achita zimenezo, ndiye mlembi wanu ndani kuti amufufute ndi kakyuleta ya pafoni?

Ndikudziwa ena anena kuti pa zaka zambiri za Russell matimu anali asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi basi, pamene lero alipo 30, choncho njira ya kuchikho inali yaifupi. Imeneyo ndi mfundo, ndipo ndikanakondwa kuiwerenga m'nkhani yanu kuti titsutsane bwinobwino. Koma inunso simunaitchule.

Chinanso, nyuzi imene imawerengedwa ndi ife ana a mu Africa ingalembe bwanji za akatswiri osatchula Hakeem Olajuwon? Mwana wa ku Lagos, amene anasankhidwa woyamba pamene matimu a NBA ankasankha osewera atsopano mu 1984, chaka chimene Jordan anali wachitatu. Mu 1994 anatenga mphoto zitatu pakamodzi, ya MVP, ya wotchinga bwino, ndi ya ndime yomaliza, n'kutenga chikho ndi Houston Rockets, chaka chotsatira n'kubwerezanso. Mipira imene anatchinga ndi 3,830, ndipo palibe amene wamupeza chiyambireni kuwerenga. Dikembe Mutombo wa ku Kinshasa anatenga mphoto ya wotchinga bwino kanayi, n'kukamanga chipatala kwawo. Mwana wanga wamtali uja akanaona mayina amenewa, sakanandifunsa funso lija.

Ndipotu matendawa si a mlembi wanu yekha. M'mipikisano ya ana imene timapitako, pepala la pa tebulo limakhala ndi malo a mapointi ndi mafaulo basi. Pomaliza mendulo imapita kwa wogoletsa kwambiri, ngakhale timu yake italuza masewera onse, ndipo mwana amene watola mipira yobwerera pabolodi tsiku lonse, maondo atasupuka pa phula long'ambika, amabwerera kunyumba chimanjamanja. Ndadandaula kangapo kwa okonza, yankho lake n'lakuti palibe anthu owerenga. Mabasiketi athu alibe maukonde, mizere tinajambula tokha ndi penti wotsala kutchalitchi, mpira wabwino tili nawo umodzi ndipo ndimagona nawo m'nyumba. Timu ya dziko lino inakasewera AfroBasket, mpikisano wa mayiko a mu Africa, ku Tunisia mu 2015, koma ana anga ambiri sadziwa, chifukwa masamba a zamasewera amadzaza ndi mpira wamiyendo wa ku England. Atolankhani anu sindinawaonepo ku City Sports Centre pa masewera a ligi, pamene pakhomo panu pomwepa. Basiketibolo mukaikumbukira kamodzi pachaka, ndiye mutipatse tebulo lokopera pa intaneti?

Makolo athu anabwera kuno, ena wapansi, ena pa malole, kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, ndipo ntchito yawo yambiri sinalembedwe paliponse. Mwina n'chifukwa chake nkhani ya munthu wogwira ntchito yosawerengedwa imandikhudza chonchi.

Pempho langa ndi lalifupi. Lembaninso nkhaniyi, muike zaka zimene munthu aliyense anasewera, malamulo a nthawi yake, zikho zake, ndipo pamene manambala kunalibe munene kuti kunalibe. Kenako mlembi wanuyo akwere kombi abwere ku Mufakose Loweruka likubwerali, timayamba 8 koloko m'mawa dzuwa lisanawawe. Ndidzamupatsa mpando, pepala ndi pensulo, awerenge mipira yopatsirana ndi yotchingidwa ya ana anga kwa ola limodzi, ndipo mayina a atatu ochita bwino muwatulutse m'nyuzi yanu, makolo awo akalola.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa basiketibolo ya ana,
Mufakose, Harare