Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a masewera: kuyeza mpweya wa achinyamata pabwalo

A Wapampando ndi mamembala nonse,

Zikomo ponditumiza ku msonkhano uja ku Lilongwe. Pa zonse zimene zinakambidwa, imene ikutikhudza kwambiri ndi nkhani yodziwa amene angapirire mphindi 90 za mpira pakati pa osewera athu, popeza maonekedwe a thupi amapusitsa.

Akatswiri amayeza VO2 max, kutanthauza kuchuluka kwa okosijeni amene thupi limagwiritsa ntchito munthu akamathamanga ndi mphamvu zake zonse. Muyeso weniweni umafuna makina a mu labotale, choncho ife tizingoyerekeza pabwalo.

Njira ina ndi ya Kenneth Cooper, dokotala wa asilikali a ndege a ku America, ya mu 1968. Munthu amathamanga mphindi 12, pa mamita amene wayenda n'kuchotsapo 504.9, zotsalazo n'kugawa ndi 44.73. Wa mamita 2,800 amapeza VO2 max ya pafupifupi 51, wa 2,400 amapeza 42. Njirayi imayenda bwino pa msewu wothamangirapo wa mamita 400 monga wa ku Bingu National Stadium, umene ife tilibe. Komanso anyamata athu mumawadziwa: amadzambatuka ndi liwiro lonse, posakhalitsa ali wefuwefu, nambala n'kutuluka yonama.

Ine mtima wanga uli pa beep test ya Luc Léger wa ku Montreal. Mumalemba mizere iwiri yotalikirana mamita 20, osewera n'kumathamanga uku ndi uku motsatira kulira kwa belu. Liwiro limayambira pa makilomita 8.5 pa ola, n'kumakwera ndi 0.5 mphindi iliyonse, mpaka munthu atalephera kufika pamzere belu lisanalire. Wolamula liwiro ndi belu, ndiye palibe zothamangira kudzionetsa. Ku msonkhanoko anatchulanso njira ya Yo-Yo ya Jens Bangsbo, yothamanga uku ndi uku n'kumapuma masekondi 10, koma imeneyo tidzaiona mtsogolo.

Chimene anatsindika n'chakuti manambalawa ndi ongoyerekeza. Phindu lake lili poyerekeza wosewera ndi zimene iye mwini anapeza kale, pabwalo lomwelo, nthawi yomweyo. Woyezedwa masana a mu Okutobala sangafanizidwe ndi woyezedwa m'mawa wa mu Juni.

Ndikupempha kuti tiziyeza m'mawa, ligi isanayambe ndi pakati pake, zotsatira za atsikana ndi za anyamata padera. Wongochira kumene malungo kapena womva kupweteka pachifuwa asathamange. Komiti ivomere kugula tepi yoyezera ndi sipika. Foni yolizira belu tigwiritsa ntchito yanga.