Kalata yodandaula za galimoto ya MGB imene munandigulira ku England

Kwa Mkulu wa Kampani,
Nthambi Yoitanitsa Galimoto Kunja,
Lilongwe.

Bwana,

Ndikulemba kalata ino kudandaula za galimoto ya mtundu wa MGB Roadster imene kampani yanu inandigulira ku England ndi kundibweretsera kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe. Galimoto imene ndalandira si imene tinagwirizana, ndipo ntchito yoiunika isanagulidwe, imene ndinalipira padera, sinachitike monga mgwirizano wathu ukunenera. Ndakhala ndikulankhula ndi ogwira ntchito anu pa foni ndi pa WhatsApp, koma popeza aliyense akundiyankha zakezake, ndaona kuti ndi bwino nkhaniyi ifike kwa inu yolembedwa, pamodzi ndi umboni wake.

Pamene ndinabwera ku ofesi yanu sindinapemphe galimoto yakale iliyonse imene ingapezeke. Ndinali nditawerenga mokwanira za galimoto imeneyi, ndipo ndinaisankha pa zifukwa zimene ndinafotokozera wogulitsa wanu. MGB inkapangidwa ku Abingdon kuyambira 1962 mpaka 1980, ndipo zinapangidwa zoposa theka la miliyoni, kotero zipangizo zake zikupezekabe mosavuta mpaka lero. Injini yake ya 1798cc ilibe kompyuta, imayendera makabuleta awiri a SU, ndipo makaniko aliyense wodziwa galimoto zakale angathe kuikonza kuno kwathu. Chiwongolero chili kumanja monga galimoto zathu. Ndinanena momveka, ndipo zinalembedwa mu mgwirizano, kuti ndikufuna ya mabampala achitsulo chonyezimira, yopangidwa chaka cha 1974 chisanafike, ndipo thupi lake likhale lolimba ngakhale penti itakhala yotha. Patapita nthawi munanditumizira zithunzi za galimoto yofiira, mukunena kuti ndi ya 1972, ndipo invoisi yanu ikunenanso chimodzimodzi.

Chikalata cha kulembetsedwa kwa galimoto ku Britain, V5C, chimene chinandipeza mochedwa galimoto itafika kale, chikusonyeza kuti inalembetsedwa koyamba mu 1976. Pofuna kutsimikiza, ndinatumiza nambala ya chassis ku British Motor Museum ku Gaydon, kumene amasunga kaundula wa fakitale, ndipo satifiketi imene ananditumizira ikugwirizana ndi V5C. Galimotoyi inatuluka mu fakitale ili ndi mabampala akuda a labala, ndipo wina anadzawachotsa pambuyo pake n'kuikapo achitsulo kuti ioneke ngati yakale kuposa mmene ilili. Ngakhale popanda mapepala, munthu wodziwa akanazindikira zimenezi atangotsegula kachitseko ka mabatire kuseri kwa mipando, pakuti MGB ya 1972 imakhala ndi mabatire awiri a mavoti 6, pamene iyi ili ndi malo a batire imodzi ya mavoti 12, monga zimene zinapangidwa kuyambira kumapeto kwa 1974. Kumapiko a kutsogolo kukuonekanso malo amene anawotcherera ndi kumata pokonzera magetsi okhotera.

Mnyamata wanu wa ku ofesi anandiyankha kuti MGB ndi MGB basi, zaka zinayi sizisintha kanthu. Yankho limeneli silolondola, ndipo likusonyeza kuti amene anagwira ntchito yanga sankaidziwa galimoto imene ankagula. Kusintha kwa mu 1974 kunabwera chifukwa cha malamulo a ku America, kumene MGB zambiri zinkagulitsidwa, ndipo sikunali kwa mabampala okha. Galimoto anaikweza m'mwamba, inalemera, ndipo kayendedwe kake pokhota kanasintha, moti zopangidwa mu 1975 ndi 1976 zimadziwika kuti zimapendekera kwambiri pa ngodya. N'chifukwa chake pa msika wa ku Britain za mabampala achitsulo zenizeni zimakwera mtengo kuposa za labala. Ine ndinalipira mtengo wa yoyambayo, koma ndalandira yachiwiriyo itavekedwa zovala za inzake.

Komabe, chikhala kuti vuto ndi chaka chokha, bwenzi tikukambirana za kusiyana kwa mtengo n'kumvana. Chimene chandipweteka kwambiri ndi dzimbiri, ndipo ndikupempha kuti muwerenge gawo lino mofatsa, chifukwa likukhudza moyo wa munthu.

MGB ilibe chassis yapadera yonyamula thupi monga lole kapena Land Rover yakale. Thupi lenilenilo ndilo limanyamula zonse, injini, mawilo ndi anthu. Popeza Roadster ilibe denga lachitsulo, mphamvu yolumikiza kutsogolo ndi kumbuyo ili mu zitsulo za pansi pa zitseko, zimene amakaniko amati ma sill. Mbali iliyonse ili ndi zitsulo zingapo zowotchereredwa pamodzi ngati bokosi lalitali, chakunja chimene timachiona, chapakati chobisika, ndi zina zam'kati ndi zapansi. Madzi ndi mchere umene amathira m'misewu ya ku Britain nthawi yachisanu zimalowa m'bokosi limeneli, ndipo dzimbiri limayambira m'kati n'kumatulukira kunja. Pamene lafika poonekera pa penti ndiye kuti m'kati mwatha kale. Aliyense wogula MGB amauzidwa kuyamba kuyang'ana pamenepa, injini pambuyo, chifukwa injini yotopa imakonzeka pa mtengo wodziwika, koma thupi lowola limadya ndalama zosawerengeka.

Galimoto itatsitsidwa pa lole, ndinaitana makaniko amene wakhala akukonza galimoto zakale kwa zaka zambiri, ndipo ine ndinali pomwepo pamene ankaiona. Anatenga maginito aang'ono n'kuwayendetsa m'munsi mwa chitseko cha dalaivala. Kutsogolo anamata, koma atafika chapakati anagwa pansi, ndipo anapitiriza kugwa mpaka pafupi ndi wilo la kumbuyo. Atapala pang'ono ndi sikuludilaiva, m'malo mwa chitsulo munatuluka ufa woyera wa filler, ndipo kuseri kwake kunali kawaya ka sefa kamene anatsekera bowo asanamate. Kenako anaika jeke pamalo pake n'kuyamba kukweza. Galimoto isananyamuke n'komwe tinamva chitsulo chikuphwanyika, mpata wa pakati pa chitseko ndi thupi unasintha tikuona, ndipo chitseko chimene chinkatseguka bwino galimoto ili pansi chinakana kutseguka. Atachotsa kapeti, pansi pa mpando wa wokwera panali chigamba cha lata chomangidwa ndi ma rivet, osati chowotcherera, ndipo pafupi ndi pamene pamangidwa lamba wa mpando chala chinkalowa. Makanikoyo anangopukusa mutu n'kunena kuti chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Wandiletsa kuiyendetsa pa msewu, ndipo wandilembera lipoti limene ndaphatikiza ndi kalata ino pamodzi ndi zithunzi.

Apa ndi pamene pagona dandaulo langa lenileni. Ine sindikanatha kupita ku England kukagwada pansi pa galimoto, ndipo n'chifukwa chake ndinabwera kwa inu. Pa invoisi yanu pali mzere wapadera wa ndalama yolipira katswiri wodziimira payekha, woti akaunike galimoto isanalipiridwe. Ndinaumirira pa mzere umenewu chifukwa ndinkadziwa kuti kuyambira mu 2018 galimoto zoposa zaka 40 sizikakamizidwa kukayezedwa MOT (kuyeza kofanana ndi COF ya kuno kwathu) chaka ndi chaka ku Britain, malinga ngati sizinasinthidwe kwambiri. Izi zikutanthauza kuti galimoto yakale ingathe kuyenda pa msewu mwalamulo popanda woyeza aliyense kuyang'ana kunsi kwake, ndipo wogula amene ali kutali alibe pena podalira koma pa maso a munthu amene wamutuma. Ndinakulipirani kuti mukhale maso anga.

Chimene munandipatsa monga lipoti la katswiri ndi tsamba limodzi lopanda dzina, lopanda siginecha, lokhala ndi timabokosi tochongedwa kuti zonse zili bwino. Zithunzi zake zonse zinajambulidwa munthu ataimirira, galimoto ili pa kapinga, ndipo palibe ngakhale chimodzi cha kunsi, cha pansi pa kapeti, kapena cha mbale ya nambala ya chassis. Ndapeza kuti ndi zithunzi zomwezo zimene mwini wake wakale anaika pa intaneti potsatsa malonda. Palibe muyezo wa mphamvu ya ma cylinder, palibe mawu onena za kuthamanga kwa oilo injini ikatentha, ngakhale galimotoyi ili ndi geji yake pa dashboard imene munthu amangoiwerenga. Komanso mbiri ya MOT ya galimoto za ku Britain imaoneka kwaulere pa intaneti munthu akangolemba nambala ya galimoto. Nditalemba nambala imene ili pa V5C, ndinapeza kuti pa kuyezedwa kwake komaliza woyeza anali atalemba kale za dzimbiri pa ma sill ndi pafupi ndi malo omangira lamba. Malamulo a MOT amaona dzimbiri lalikulu limene lili mkati mwa masentimita 30 kuchokera pa malo otere ngati vuto lolepheretsa galimoto. Nambala imeneyi inu munali nayo musanatumize ndalama zanga, koma pamene ndinaipempha munandiuza kuti idzabwera pamodzi ndi mapepala.

Sindikunena kuti kampani yanu ndi imene inamata filler kapena kusintha mabampala. N'kutheka kuti wogulitsa wa ku England anakupusitsani. Koma mgwirizano wanga uli ndi inu, ndalama zanga zinalowa mu akaunti yanu, ndipo ntchito imene ikanavumbula chinyengo chimenechi mu mphindi zochepa ndi yomweyo imene munalandirira malipiro koma osaigwira. Ngati katswiriyo analipodi, ndionetseni dzina la kampani yake ndi lisiti la ndalama imene munamupatsa.

Pali zina zing'onozing'ono zimene ndingozitchula. Ndinalipira kuti galimoto ibwere mu kontena, koma mapepala a sitima akusonyeza kuti inakwezedwa poyera pamodzi ndi galimoto zina, ndipo yafika denga lansalu litang'ambika kumbuyo, wilo lapadera ndi zipangizo za m'buti zitasowa. Overdrive (giya yowonjezera yopeputsa injini galimoto ikamathamanga), imene munalemba kuti ikugwira ntchito, siilowa pa giya yachitatu kapena yachinayi. Msonkho wa ku MRA ndinalipira wonse, ndipo pa mbali imeneyo ndilibe dandaulo.

Pakali pano galimoto yangokhala m'galaja. Sindingapite nayo kukatenga COF ndikudziwa kuti lamba wa mpando angazuke pa ngozi, ndipo sindingaigulitse kwa Mmalawi mnzanga popanda kumuuza zoona, zimene zikutanthauza kutaya gawo lalikulu la ndalama zimene ndinasunga kwa zaka. Kukonza n'kotheka, chifukwa zitsulo zatsopano za ma sill ndi za pansi zimagulitsidwa, ndipo kampani ya British Motor Heritage ku Witney imapanganso thupi lonse la MGB ndi zida zimene fakitale inkagwiritsa ntchito. Koma si ntchito ya wowotcherera mawindo ndi mageti. Pamafunika kumanga zitsulo zochirikiza pakhomo pa zitseko musanadule chilichonse, kugwira mbali imodzi kenako inayo, ndi kuyeza mipata nthawi zonse, apo ayi thupi limapindika ndipo zitseko sizidzatsekanso bwino. Zitsulo zatsopanozo ziyenera kuitanitsidwa kunja ndi ndalama zakunja, zimene inu mukudziwa kuvuta kwake masiku ano.

Choncho ndikupempha kuti kampani yanu itenge galimotoyi ndi kundibwezera ndalama zonse zimene ndinalipira kwa inu, kuphatikizapo yonyamulira, pamodzi ndi msonkho umene ndinalipira pa katundu amene sindinaitanitse. Ngati mukuona kuti zimenezi sizitheka, ndili wokonzeka kukhala nayo pokhapokha mutandibwezera ndalama ya katswiri yonse, kusiyana kwa mtengo wa kontena ndi wa poyera, kusiyana kwa mtengo wa MGB ya 1972 ndi ya 1976, ndiponso mutalipira zitsulo ndi ntchito yokonza thupi pa galaja imene tingagwirizane tonse awiri. Muli ndi ufulu wotumiza makaniko wanu kudzaiona, ndipo ndidzamulandira tsiku lililonse la ntchito mukandidziwitsa. Sindinalole kuti aliyense ayambe kuikonza, pofuna kuti muione mmene inafikira.

Ndikuyembekezera yankho lolembedwa ndi losainidwa ndi inu pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku limene mwalandira kalata ino. Nthawi imeneyi ikadutsa popanda yankho, ndikapereka nkhaniyi ku Competition and Fair Trading Commission, ndipo ndikaonana ndi loya kuti andithandize motsatira lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la 2003. Ndikadakonda kuti tithane pa ofesi yanu tisanafike kumeneko.

Ndaphatikiza makope a mgwirizano, invoisi, malisiti a banki, V5C, satifiketi ya ku Gaydon, mbiri ya MOT, mapepala a sitima, tsamba limene munalitcha lipoti la katswiri, ndi lipoti la makaniko wanga pamodzi ndi zithunzi.

Ine wanu,
Kasitomala amene munamugulira MGB Roadster