Lipoti la msonkhano wa olemba uja, nkhani ya buku la mtsikana wosamala nyama

A mai wapampando ndi anzanga nonse, moni. Msonkhano munandituma uja unachitika Loweruka ku Lilongwe, magulu a olemba analipo angapo ndithu ndipo nkhani inali imodzi yokha, buku lija tikulemba mothandizana la chikondi choseketsa. Amene simunawerenge machaputala oyamba aja, mwachidule ndi mtsikana wogwira ntchito yosamala nyama zakutchire, wapeza mnyamata akufuna banja, koma ntchito sikumupatsa mpata.

Mkangano unayambira pa malo. Amene analemba chaputala 1 anaika mtsikanayo mu zoo yokhala ngati London Zoo ija inatsegulidwa 1828, mpaka ma penguin ali momwemo, ndiye mayi wina amene anagwirapo ntchito yosamala nyama anangoti tiyeni tisanamize owerenga, kuno chomwe anthu akuchidziwa ndi Lilongwe Wildlife Centre ya m'mbali mwa Lingadzi, ndipo cholinga chake si kuonetsa nyama ayi, amalandira zovulala, zamasiye ndi zolandidwa kwa ogulitsa mozemba, nkuzichiza kuti zomwe zingathe zibwerere kutchire. Tinagwirizana kuti malo a m'bukumo akhale ongopeka opanda dzina lenileni koma ntchito yake ifanane ndi imeneyo.

Apa mpamene msonkhano unakoma. Mayiwa anatifotokozera kuti ana a pusi amasiye amachuluka nyengo ya mvula, ndipo kamwana kotere kamafuna mkaka wa m'botolo pafupipafupi usiku omwe, sungakauze kuti dikira ndikaonane ndi bebi wanga. Ngaka ndiye zovutiratu, imadya nyerere ndi chiswe basi, sungaiikire chakudya m'mbale, munthu amayenera kuyenda nayo kutchire maola angapo ikudzifunira yokha iwe uli pambuyo kuilondera. Komanso poti anthu amaizembetsa kwambiri, lamulo la nyama zakutchire lomwe linasinthidwa mu 2017 limalola chilango chofika zaka 30 kundende, ndiye wosamala ngaka sangamalengeze komwe ali. Tangoganizani, mtsikana akusowa madzulo aliwonse, foni sakuyankha, akabwera ali ndi udzu m'tsitsi ndipo sakunena komwe anali. Mnyamata aganiza chani? Holo yonse inaseka, ndipo palibe anachita kupeka nthabwala.

Ine pamenepo ndinaikapo maganizo a gulu lathu monga munandiuzira, kuti kuseketsa kuchokere mu ntchitoyo osati mtsikana kumangogwa m'matope chaputala chilichonse ngati chitsiru. Analandira bwino.

Koma mfundo yomwe inawina tsikulo inachokera kwa bambo wina wachikulire wa ku Ntcheu. Anati mnyamatayo akhale mwana wa alimi a chimanga, anthu oti moyo wawo wonse akhala akudzuka m'mamawa kukaingitsa anyani kumunda, ndiye amve kuti mtengwa amalandira malipiro pa mwezi chifukwa chodulira anyani omwewo mapapaya. Anayeserera mawu a apongozi mpaka ena misozi. Kenako tinawonjezera azakhali a mtsikana amene akumauza anthu kutchalitchi kuti mwana wawo ali ku ofesi ya zachilengedwe, osatchula zokolopa m'makola, ndi ankhoswe awiri oti pa zokambirana zonse akungozungulira osafuna kutchula mawu oti nyani. Kunena zoona chaputala cha ankhoswe chimenechi ndi chomwe chidzagulitse bukuli, ndipo ndinachita kulimbirana kuti chibwere kwa ife.

Za chikuto ndi mutu wa buku tinangodutsamo, aliyense ali ndi wake, tazisiyira komiti.

Pomwe panavuta mpamathero. Momwe zalembedwera pano mtsikana akusiya ntchito, akupita kukakhala ndi mwamuna, ukwati, nthungululu, basi. Gulu lina linaikira kumbuyo zimenezi ati owerenga athu amafuna ukwati ndipo buku lachikondi lopanda ukwati anthu adzabweza. Ena makamaka atsikana anakana kwamtuwagalu, ati ndiye tavutikiranji machaputala onsewa kumuonetsa akukonda ntchito yake, mwina anakaphunzira ku koleji ya zankhalango ndi nyama ku Dedza, kuti pomaliza angotaya yunifomu chifukwa apongozi anyinyirika? Mawu anakwera ndithu mpaka wotsogolera zokambirana anaimitsa kaye kuti timwe tiyi.

Ine ndinaima ndi atsikanawo koma osati kuti ukwati uchoke. Ukwati ukhalepo, chomwe ndikukana nchoti wosintha akhale mkazi yekha. Mnyamata uja nayenso ataye kanthu, agone ndi njala tsiku lina, aperekeze shifiti ya usiku, aime pamaso pa mayi ake nkunena kuti ntchito ya mkazi wanga ndi ntchito. Wina anaponyapo ganizo loti mayeso enieni akhale mwayi wa ntchito ku Majete kapena ku Liwonde, mapaki omwe bungwe losamala nyama zakutchire la African Parks linayamba kuyendetsa mu 2003 ndi 2015, kutanthauza kuti mtsikana achoke mu tauni ndipo funso likhale loti mwamuna amutsatira kapena ayi. Ili ndi lomwe ambiri analikonda ngakhale sitinavote, akuti gulu lililonse likakambirane kaye kwawo.

Chinanso anatichenjeza, tisalembe mtsikana akugona ndi kapusi pabedi kunyumba kapena kujambulitsa atakanyamula kuti aike pa Facebook. Osamala nyama enieni amapewa kuti nyama izolowere anthu chifukwa ikazolowera kubwerera kutchire kumavuta, komanso owerenga ena angatengere nkumakagula tiapusi m'mbali mwa msewu.

Ndiye ntchito yathu nayi. Tilembe chaputala cha ankhoswe chija, komanso titumize maganizo athu pa mathero msonkhano wina usanafike mwezi wamawa. Ndikupempha amene munakhalapo ankhoswe kapena munaperekezako amalume ku zokambirana zotere mubwere Lachitatu, tikufuna mawu enieni omwe amayankhulidwa kumeneko osati ongoganizira. Ndalama ya thiransipoti inatsalako pang'ono, ndipereka kwa a msungichuma tsiku lomwelo pamodzi ndi mapepala omwe anatigawira.