Usabweze ntchito chifukwa cha inki yakuda

Wokondedwa mwana wanga,

Mlongo wako wandiuza kuti ukufuna kubweza ntchito yojambula zithunzi za m'buku lija la nthano, ati chifukwa osindikiza akana utoto, akufuna inki yakuda yokha papepala loyera. Usafulumire. Tamvera kaye za mnyamata wina wa ku Mangalande amene anapatsidwa lamulo lomweli.

Dzina lake anali Aubrey Beardsley, wobadwira ku Brighton mu 1872. Masana anali kalaliki pa kampani ya inshuwalansi ku London, kujambula ankachita usiku akaweruka. Mu 1892 wosindikiza mabuku J. M. Dent anamupatsa ntchito yokongoletsa Le Morte Darthur, nthano za Mfumu Arthur ndi ankhondo ake apakavalo, zimene analemba Thomas Malory ndipo William Caxton anazisindikiza mu 1485. Dent ankasirira mabuku okongola amene William Morris ankasindikiza ku kampani yake ya Kelmscott Press, koma ankafuna otsikirapo mtengo. Kwa Morris zithunzi ankachita kugoba pathabwa ndi manja, ntchito yodya nthawi ndi ndalama. Dent anasankha njira yatsopano: chojambulacho ankachitenga ndi kamera n'kuchiika pachitsulo, asidi n'kudya malo onse opanda mzere.

Njira imeneyi sinkatenga zotuwira. Malo akhale akuda kapena oyera, basi. Beardsley sanalimbane nayo. Anasiya kufunafuna mithunzi, n'kuyamba kudzaza chovala chonse cha mfumukazi kapena nkhalango yonse ndi inki yakuda bii, pambali pake n'kusiya pepala lili mbee, kamzere kamodzi kopyapyala n'kumanena zonse za nkhope. M'mphepete mwa masamba anakulungamo maluwa, minga ndi masamba a mitengo. Morris sanakondwere, anaona ngati mnyamatayo akumubera luso. Ine ndimaona kuti Morris analakwa pamenepo: Beardsley anayambadi potsanzira katswiri wojambula Edward Burne-Jones, amene anamulimbikitsa, koma posakhalitsa dzanja lake linayenda njira yakeyake. Iwenso, kuyambira uli kusukulu, zimene unkajambula ndi cholembera chakuda kuseri kwa makope zinkaposa zautoto, ngakhale sufuna kumva zimenezi.

Choncho ntchitoyo uivomere. Koma pali china chimene ndikuopa kuposa nkhani ya utotoyi. Buku la Beardsley lija linatuluka m'zigawo 12, mu 1893 ndi 1894, ndipo zojambula zake, zazikulu ndi zing'onozing'ono, zinapitirira 300. Beardsley anatopa nalo lisanathe. Nthano za ankhondo apakavalo zinamukwana, ntchito zina zinayamba kumukopa, Dent n'kumachita kumukakamiza kuti amalize. Anayamba kulowetsamo zilombo ndi anthu osavala amene mwa Malory mulibe, ndipo tizithunzi tina anangotibwereza pa mitu yosiyana. Komanso chifuwa chachikulu chinkamudya. Anamwalira ku Menton, ku France, mu 1898, ali ndi zaka 25 zokha.

Iwe ndimakudziwa, umayamba ndi moto n'kuzirala pakati. Usanasaine chilichonse, awuze osindikizawo alembe chiwerengero cha zithunzi, tsiku lopereka gawo lililonse, ndi malipiro a gawo lililonselo. Akakuwonjezera zithunzi, awonjezerenso ndalama ndi masiku. Uwapemphenso asindikize tsamba limodzi loyesera pa makina awo ndi pepala lawo, uone ngati mizere yako yopyapyala ikutuluka, usanajambule zina zonse. Ntchito yako yamasana usaisiye msanga, ndipo uzigona.

Bambo ako akupereka moni. Ukalandira pangano lolembedwalo, unditumizire ndiliwerenge.

Ndine mayi ako.