Heavy metal si phokoso la amisala

A Mkonzi,

Ndatopa ndi oulutsa mawu ena amene amati heavy metal, nyimbo za magitala olira mwaukali, ndi phokoso la anthu osokonekera mutu. Ayi ndithu. Nyimbozi kwawo ndi ku Birmingham, mzinda wa mafakitale ku England. Tony Iommi, woliza gitala wa gulu la Black Sabbath la mumzindawu, makina a kuntchito anamudula nsonga za zala ziwiri ali ndi zaka 17. Anasungunula botolo la pulasitiki n'kupanga tizisoti ta zalazo, ndipo pambuyo pake ankamasulako nsambo za gitala kuti zisamupweteke. Kulira kwa manzenene kuja kunakula choncho. Chimbale chawo choyamba, chojambulidwa tsiku limodzi lokha, chinatuluka pa 13 February 1970.

Paul Ngozi wa ku Zambia nayenso ankaliza gitala yaukali chomwecho. Mawailesi athu bwanji osamuyikako?

Wokonda nyimbo,
Ndirande, Blantyre