Chilengezo kwa onse othandiza ntchito palaibulale yathu

Anzanga othandiza palaibulale,

Loweruka likudzali tikumane palaibulale nthawi ya 8 koloko m'mawa. Tidzatseka tsiku lonse kuti tiwerenge mabuku onse ndi kuwafananitsa ndi zomwe zili m'kaundula.

Ntchito yaikulu ili pashelefu ya kukhoma lakumbuyo. Denga likudontha pamenepo, ndipo chiswe chalowa m'mabuku a pansi, ena chadya mpaka chikuto. Ambiri mwa iwo ndi a masamu ndi sayansi, omwe ana a Fomu 4 amalimbirana pokonzekera mayeso a MSCE. Ana amenewa kunyumba alibe mabuku, choncho tisadikire kuti otsalawo nawonso awonongeke. Tidzasuntha shelefuyo, kuyanika mabuku onyowa pamthunzi ndi kumata ong'ambika.

Aliyense abweretse:
tsache ndi kansalu kopukutira fumbi,
guluu kapena selotepi ngati muli nazo,
mabuku onse omwe munabwereka, ngakhale tsiku lobweza lisanakwane,
K2,000 ya mankhwala a chiswe ndi nkhomaliro.

Amene mumadziwa ntchito yamalata mundiuze msanga, makwerero tabwereka kale.

Yankhani pofika Lachinayi madzulo ngati mubwera, kuti ophika adziwe kuchuluka kwa ufa.

Mlembi wa komiti